Alamu Anga ndi Phiko la Dokotala wa Mano

Alamu anga ndi munthu woti ukawauza kuti uku ndi kumanja, amayamba ayeza kaye. Anakwatiwa ndi achimwene anga malemu, ndipo zaka zonsezi sindinawamvepo akuti "chabwino, basi" pongofuna kuti mkangano uthe. Ine ndimamata matayala. Kashedi kanga kali tsidya lino la msewu, moyang'anana ndi geti la galaja imene iwo anagwirako ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndiye zimene ndikusimbazi si zakumva ayi. Ndinkaziona ndi maso angawa, pampu ili m'manja.

Galaja imeneyo sikonza minibasi. Kumabwera timagalimoto tija tamipando iwiri, tokwawa ngati tikufuna kununkhiza phula, tomwe eni ake Loweruka amakapikisana nato pa bwalo la ndege lakale kunja kwa tauni. Za injini zinali ndi amakaniko ake. Alamu anali a thupi la galimoto: kuwotcherera, kuwongola zopindika, kuumba faiba, pulasitiki yolimba ija, ndipo makamaka kumanga mapiko aja amakhala kumbuyo, pamwamba pa buti.

Bambo awo anali telala wa pakhonde la sitolo, ndipo iwo anakula akutola zidutswa za ulusi pansi pa makina. Zowotcherera anaphunzira kwa achimwene. Anayamba ndi kuwagwirira chitsulo, kenako kuwalandira akatopa, mpaka zinafika poti msoko wa alamu unkaoneka ngati wosokedwa pa makina, wa achimwene ngati zitosi za nkhuku. Achimwene ankavomera zimenezi pokhapokha mkazi wawo akakhala kuti palibe. Achimwene atamwalira, mwini galaja, amene tonse timangoti a Malaya Oyera chifukwa gilizi sanawakhudzepo chibadwire, anati mayiyo ayesedwe mwezi umodzi. Mwezi umenewo ndi umene unatalika n'kukhala zaka zonse zija.

Dzina loti Mayi Ulusi linayamba ngati chipongwe. Alamu amati mphepo siioneka, ndiye ukafuna kudziwa kumene ikupita uziiveka ulusi. Asanamange phiko, amadula ulusi wofiira wolukira majuzi, kutalika ngati chala, n'kuumata ndi selotepi m'mizere: padenga, pagalasi la kumbuyo, pabuti. Akatero mwini galimoto amayenda pa bwalo lija, ine n'kumamutsatira chapambali ndi kapikiapu kanga mpaka pamene kangathe, alamu atatulutsa mutu pawindo, duku likufuna kuuluka. Pamene ulusi wagona, ndiye kuti mphepo yaigwira galimoto. Pamene ukuvinavina kapena kuloza kutsogolo, mphepo yathawapo, ndipo phiko lokhala pamenepo ndi chokongoletsera chabe. Amakaniko ankafa nacho chiseko, ankati galimoto zamera ndevu. Alamu anangotenga penti n'kulemba MAYI ULUSI pa bokosi lawo la zida, zilembo zikuluzikulu, kuti otonzawo asamavutike kukumbukira.

Lachiwiri lina m'mawa kunalowa galimoto yachikasu, pambuyo pake kalole katanyamula katoni yaitali kuposa chitseko. Mwini wake anali dokotala wa mano, bambo wodekha, wamagalasi, amene anatha zaka zambiri akusuzumira m'kamwa mwa anthu mpaka anaganiza zoti nayenso asangalaleko. Pamenepo sindiwanena. M'katonimo munali phiko loitanitsa kunja, lakuda bii, lotambalala ngati benchi la pachipatala. Ine ndinasiya chubu m'madzi n'kuwoloka msewu, poti zinthu zotere sumafuna kuzimva kwa anzako.

"Mayi, ndikufuna mulimange chonchi," anatero adokotala, akuonetsa chithunzi pa foni. "Mulipendeketse mpaka pa bowo lomaliza la pa miyendo yake."

Alamu analitembenuza phikolo, kulisisita pansi, kulisisita pamwamba.

"Phiko ndi labwino ili," anatero. "Nanga kutsogolo mwabweretsa chiyani?"

"Kutsogolo kulibe vuto."

"Panopa kulibe. Likangokwera ili, kukhala vuto."

Anakoka wilibala yotayira zinyalala n'kuiimika pamaso pa adokotala.

"Phiko la mbalame limanyamula, adokotala. La galimoto ndi lozondoka, limakanikiza pansi, ndipo liwiro likamakwera nalonso limanka lilemera. Ndiye taonani pamene likakhale, kuseri kwa matayala a m'mbuyo. Tagwirani zogwirira izi, mukanikize."

Adokotala anakanikiza. Tayala la wilibala linadzuka n'kutsala likuzungulira m'malere.

"Amenewo ndiye matayala anu akutsogolo," anatero alamu. "Ndi amene amakhota. Mudzafika pakona mukupotokola chiwongolero, galimoto ikungolunjika kumene yayang'ana."

Mankhwala ake anawatchula pomwepo. Phiko likhale pa bowo lachiwiri, osati lomaliza. Miyendo yake igwire chitsulo chenicheni cha galimoto, osati lata lopyapyala la buti. Ndipo kunsi kwa bampala ya kutsogolo aikeko chimene iwo amati mlomo, chimbale cha aluminiyamu chotulukira kunja ngati chikhatho, choti mphepo izikanikiza mphuno monga ikukanikizira mchira. Adokotala anakwinya nkhope. Anati milomo imeneyo anaionapo, imaoneka ngati fosholo, ndipo pageti la kwawo pali hampu yoti ingaukhadzule tsiku lomwelo. Iwo anagula phiko, ndipo akufuna phiko.

Apa m'pamene anatulukira a Malaya Oyera mu ofesi, akumwetulira kumwetulira kwawo kwa makasitomala.

"Mayi Ulusi, pano kasitomala sakanidwa," anatero. "Galimotoyi ndi yanu?"

"Ayi, bwana."

"Phikoli ndi lanu?"

"Si langa. Koma manjawa ndi anga."

Ngakhale wopenta anazimitsa kompulesa kuti amve bwino.

"Mumange mmene akufunira mwini wake," anatero abwana, kumwetulira kuja kutatha. "Apo ayi, geti ndi ilo."

Ndinkawatsinzinira diso alamu kuti afatse, koma ndinkangovutitsa diso langa. Anavula magolovesi, anapukuta sipanala iliyonse payokhapayokha n'kuiika m'malo mwake, osathamanga. Bokosi limenelo ndi lachitsulo, la zogwirira ziwiri, analiwotcherera achimwene, ndipo masiku onse linkanyamulidwa ndi amuna awiri. Alamu anavula duku, analipinda nkhata, n'kunditembenukira.

"Mlamu, m'malo mongophethira ngati walowa kachitsotso, tandisenzetsa."

Ndinawasenzetsa. Anatuluka nalo pageti khosi lili chilili, anawoloka msewu galimoto zikuwaimira, n'kukalitula pakona pa kashedi kanga, pafupi ndi beseni loyesera machubu. Sanacheuke.

Tsono mukuyembekeza kuti ndinena zoti galimoto yachikasu ija inagubuduzika. Ayi ndithu. Phikolo linamangidwa ndi munthu wina masana a tsiku lomwelo, pa bowo lomaliza, ndipo palibe chinachitika. Mlungu unatha, mwezi unatha, miyezi inayi. Adokotala ankadutsa pamsewu pathu m'mawa uliwonse pang'onopang'ono ngati ali pa mdipiti wa ukwati, anthu akujambula ndi mafoni. Amakaniko akamapita kokadya ankaima pa shedi n'kufunsa, "Mayi Ulusi, paja amati wamisala anaona nkhondo. Nanga nkhondo yanu ija yachedwa kuti?"

Alamu ankangotsitsa chigoba chowotcherera kumaso n'kupitiriza ntchito. Koma ntchito yake yotani? Mahinjesi a mageti, miyendo ya mabedi, zogwirira za mapoto, mawilibala a anthu omanga nyumba. Munthu amene ankadziwa kumene mphepo imapatukira padenga la galimoto anali kumata mapoto. A Malaya Oyera anauza eni timagalimoto tija kuti mayiyo anamuchotsa chifukwa cha mwano, ndipo palibe ngakhale mmodzi anawoloka msewu. Ulusi wofiira unangokhala m'bokosi.

Zinkandiwawa, ndipo kunena zoona ndinkawapsera mtima alamu omwewo. Tsiku lina ndinalephera kupirira.

"Alamu, tapitani mukapepese. Pakamwa sipatha ndi kupepesa. Dokotala uja sanafe, ali moyo, akuyenda."

"Ndiye iwe ukuganiza kuti ndikudikira maliro ake?" anandiyankha. "Ndikapepese chiyani? Kuti wilibala inanama?"

"Liuma limeneli ndi limene linawadyetsa mutu achimwene."

"Achimwene ako ankadya bwino, funsa lamba wawo. Tandipatsa nyundo iyo."

Chimene chinkawadya si njala, ngakhale nayonso inkasuzumira. Linali dzina. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi za ntchito yosabwerera ndi dandaulo zinafufutika ndi liwu limodzi loti mwano, ndipo liwu limenelo linkayenda m'tauni mofulumira kuposa timagalimoto tija.

Ndiyeno wopenta uja, pobwera kudzapopetsa njinga yake, anatitsina khutu kuti adokotala alembetsa mpikisano wa kumapeto a mwezi, pa bwalo la ndege. Anzawo ankawaseka kuti ali ndi phiko la chiwombankhanga koma amayenda ngati bakha. Alamu anazimitsa makina. Anakhala pa bokosi lawo akuyang'ana tsidya lija.

"Asiyeni," ndinatero. "Munanena, sanamve. Safunsa anadya phula."

"Phula lakelo ndi la pamsewu, mlamu. Amadya ndi nkhope."

M'mawa mwake anabwera atavala diresi la maluwa, lomwe ndinali nditaliona komaliza pa ukwati wa mwana wawo wamkazi, ndi kachikwama m'khwapa. Anati nditseke shedi ndiwaperekeze, akukazulitsa dzino, ndipo munthu wozulitsa dzino sayenda yekha. Ndinadabwa, chifukwa alamu amatsegula botolo ndi mano, koma ndinatseka.

Chipinda cha adokotala chinali choyera mbee, chonunkhira mankhwala, mpando wake wogoneka chagada, nyale ili pamwamba. Ine anandikhazika pa kampando pakona. Adokotala analowa atavala chophimba pakamwa, ndipo sanamuzindikire mayi wa diresi la maluwayo. Anthu ambiri akaona ovolosi sayang'ananso nkhope.

"Dzino liti likuvuta, mayi?"

"Ili," anatero alamu, akuloza la kutsogolo, la m'munsi.

Adokotala analigogoda, analiunika ndi kagalasi, analigwedeza ndi chala.

"Dzino ili ndi labwinobwino."

"Ndikudziwa. Zulani."

"Ndizule? Chifukwa chiyani?"

"Ndinaona chithunzi pa foni. Magweru akundisangalatsa."

Adokotala anandiyang'ana ine ngati akufunsa kuti kodi kunyumba zonse zili bwino. Ine ndinayang'ana nsapato zanga.

"Mayi, sindingazule dzino lamoyo."

"Dzinoli ndi lanu?"

"Ayi, koma..."

"Pakamwapa ndi panu? Ndalipira pakhomo paja, risiti ndi iyi. Paja kasitomala sakanidwa."

Adokotala anaika kagalasi pansi n'kuyamba kufotokoza modekha, monga amachitira anthu ophunzira akakumana ndi mbuli.

"Tamverani, mayi. Mano amadalirana. Mukachotsa la m'munsili, la m'mwamba limasowa poponda, limayamba kutsika. Oyandikana nawo amapendekera m'mpatamo. Lero simuona kanthu, mwezi wamawa simuona kanthu, koma tsiku lina mudzaluma chinthu cholimba n'kudabwa. Simungasinthe mbali imodzi n'kumaganiza kuti inayo ikhala chete. Ngakhale mutandilipira kawiri, manja angawa..."

Anaima pomwepo, manjawo ali m'mwamba. Anawayang'anitsitsa alamu, kenako ine, kenako alamu kachiwiri.

"Mwanena nokha," anatero alamu, ali chigonere pampando. "Ine sindinawonjezepo kanthu. Tsono tandiuzani, adokotala. Inu mukakana ndi udokotala, ine ndikakana ndi mwano?"

Ndinkaganiza kuti atiitanira mlonda. Koma bambo uja anatsitsa chophimba pakamwa, anakhala pa kampando kake kamatayala, n'kuvula magalasi. Anati mlungu woyamba womwe atamangitsa phiko, anaitulutsa galimoto pa msewu waukulu n'kuiponda. Liwiro litakwera, chiwongolero chinapepuka m'manja ngati wagwira mbale yopanda kanthu. Pofika pa kona ina yaitali, galimoto inakana kukhota mpaka matayala anadya fumbi la m'mphepete. Anaima pambali, ndipo sanauze munthu, ngakhale mkazi wawo. Kuyenda pang'onopang'ono kuja, kumene tauni yonse inkati ndi matama, anali mantha. Mpikisano analembetsa chifukwa chotopa ndi kusekedwa, ndipo kuyambira tsiku lolembetsalo chakudya sichinkalowa.

"Ndiye osabwera bwanji?" anafunsa alamu. "Msewu wake ndi womwewo mumadutsa m'mawa uliwonse."

"Manyazi, mayi. Munachotsedwa ntchito chifukwa cha ine. Ndikanayambira pati?"

"Mukanayambira pa moni."

Alamu asanadzuke, adokotala anawapempha kuti atsegulenso pakamwa, poti pounika paja anaona kanthu. Dzino la mkati linali litabowoka. Alamu anatsutsa, monga mwa nthawi zonse, mpaka anawaonetsa pa kagalasi. Anatuluka m'chipindamo dzino la kutsogolo lili pomwepo, la mkati atalimata, tsaya lili dzanzi, ndipo kwa maola awiri athunthu sanathe kukangana ndi munthu. Ine maola amenewo ndimawakumbukira mpaka lero.

Lolemba lotsatira galimoto yachikasu inachedwetsa liwiro pa geti la galaja, mlonda n'kuyamba kutsegula, koma iyo inakhotera kuno. Inaima pakati pa milu ya matayala akutha. Amakaniko onse anatuluka kudzaima m'mphepete mwa msewu, manja m'chiuno.

Alamu anagwira ntchito masiku anayi. Anamasula phiko n'kupeza kuti lata la buti layamba kale kung'aluka mozungulira mabawuti. Anawotcherera miyendo yatsopano yolowa mpaka pa chitsulo cha mkati, anatsitsa phiko pa bowo lachiwiri, anadula mlomo wa aluminiyamu n'kuumangirira kunsi kwa bampala ndi tizitsulo tiwiri. Kenako anatsegula bokosi n'kutulutsa ulusi wofiira uja. Anamata m'mizere, pang'onopang'ono, pomwepo pamsewu, kuti amene akufuna kuseka ndevu aseke mokwanira. Palibe anaseka.

Ku bwalo la ndege tinapita katatu. Ulendo woyamba ulusi wa pansi pa phiko unkavina, alamu anasuntha phikolo pang'ono. Wachiwiri adokotala anati tsopano mchira ndi umene ukuterereka, alamu anafupikitsa mlomo ndi chala chimodzi. Wachitatu ulusi wonse unagona, ndipo adokotala anatuluka m'galimoto akuseka mano onse pamtunda. Za hampu ya pageti, alamu anawaphunzitsa kuikwera chopingasa, tayala limodzi kenako linzake. Pa mpikisano adokotala anakhala wachisanu ndi chimodzi mwa anthu asanu ndi anayi, ndipo anabwera kudzatiuza ngati atenga chikho.

Dokotala wa mano ali ndi mwayi umodzi: amalankhula ndi anthu amene sangamuyankhe. Aliyense wokhala pampando uja ankamva nkhani ya Mayi Ulusi, pakamwa pali yasa. Pasanathe mwezi, kutsogolo kwa kashedi kanga kunali kagalimoto kofiira, mawa lake kobiriwira, mpaka makasitomala anga a matayala anayamba kusowa poima. Ndinadandaula, alamu anati ndikapepese kwa a Malaya Oyera andipatse malo.

Ndipo a Malaya Oyerawo anabweradi. Zaka zonse zimene ndakhala pano sanawolokepo msewu umenewu, koma Lachisanu lina masana tinangowaona akuzemba minibasi, atanyamula m'mwamba miyendo ya thalauza kuopa matope.

"Mayi Ulusi," anatero, "zakale ndi zakale. Malo anu aja alipobe. Kuno n'kopanikiza, mulibe ngakhale denga labwino. Bwererani, za kupepesa tizisiye."

"Tizisiye ndani, bwana? Inu kapena ine?"

Abwana anatsokomola. Alamu anakweza chigoba chowotcherera pamphumi n'kuloza bokosi lija pakona.

"Bokosi ilo linatuluka pageti panu lili pamutu panga, galaja yonse ikuonerera. Ine ndinasenza kale mbali yanga. Amene akulifuna tsidya ilo alinyamule yekha, anthu omwewo akuona. Likakafika, ine nditsatira."

Tsidya lija amakaniko anali atandandalika kale pageti. Abwana anayang'ana iwo, anayang'ana bokosi, anayang'ana malaya awo. Ndiwapatse ulemu wawo: anawerama. Anagwira chogwirira chimodzi ndi manja onse awiri n'kukoka, mitsempha ya m'khosi kuchita kutuluka. Mbali yawo inadzuka, masipanala anakhuthukira kumapeto kwinako ndi phokoso, mbali inayo inakanirira pansi. Anayang'ana chogwirira chachiwiri chija, kenako anayang'ana alamu.

Alamu anapinda manja pachifuwa.

Ndiye anayang'ana ine. Ine ndinali ndi chubu m'madzi, ndipo bowo lake linali lovuta kupeza kwambiri tsiku limenelo.

Abwana analitsitsa bokosi lija pang'onopang'ono. Pamalaya paja panali patadindika mzere wakuda wa gilizi, kuchokera pa thumba mpaka pa lamba. Anawoloka msewu osatsanzika, ndipo alamu anatsitsa chigoba kumaso n'kuyatsa makina.

Bokosilo lili pomwepo mpaka lero, pafupi ndi beseni langa, ndipo ndimapunthwapo m'mawa uliwonse.